ANafumbi, Mkazi Mnzanga

Lachinayi, 14 Juni 1973

ANafumbi agonanso pabalaza. Ndadzuka m'mawa n'kupeza mafuta akuda atadonthera pa mkeka wanga watsopano, uja ndinagula ku Mvera. Ndakwiya, koma ndikalipire yani? Njinga yamoto ilibe makutu, ndipo mwini wake akakhala nayo pafupi, naye makutu amatseka.

Azimayi anzanga amadandaula mitala ya anthu, ine mkazi mnzanga ndi wachitsulo. Dzina la aNafumbi ndinapereka ndine, monyoza, koma a B. analikonda mpaka kulilemba ndi penti pa thanki. Munthu wamkulu, phungu wa Nyumba ya Malamulo, mkulu wa mpingo, kumagwada pansi kutsuka masipoko ndi mswachi! Aphungu anzawo amapita ku Zomba pa galimoto. A Benjamini anga amakafika ali mbuu, fumbi mpaka m'nsidze.

Komanso mayiyu ngwamatama. Akazizidwa salira wamba. Uyenera kutseka kampopi ka petulo, kuponda kawiri, kutsegulanso, kenaka kumupendeketsa kumanzere n'kuwerenga mpaka khumi. Wogwirira popendeketsapo ndine, chaka chachinayi tsopano. Izi anamkungwi sanandiuze.

Loweruka ali ndi ulendo wawo uja wa mwezi ndi mwezi. Gulu lonse la mithuthuthu: alangizi a zaulimi, azaumoyo, woyendera sukulu, njinga zisanu ndi zinayi. Akuti akwere mapiri a Ntchisi, akagone kunkhalango, abwereko Lasabata. Lero andinyengerera: "Amake Tereza, ulendo uno tiyeni. Mukakangoona dziko kuchokera pamwamba paja, mudzasiya kundinena." Ndawayankha kuti dziko ndimaliona bwinobwino ndili pakhonde.

Lachisanu, 15 Juni

Ndavomera. Sindikudziwa chandilowa.

Koma ndaika malamulo anga. Asathamange. Ndipo ife tikhale pakati, ena kutsogolo ena kumbuyo, kuti ndikagwa pakhale wonditola. A Enoki, mlangizi wa fodya uja, aseka mpaka misozi, ati: "Mayi, tikunyamulani ngati dzira." Awonjeza kuti onse ayatse nyali ngakhale masana, poti fumbi la Juni limabisa munthu.

A Yeremiya, apampando a chipani kudera kuno, nawonso abwera kudzapempha malo. Njinga alibe, akwera kumbuyo kwa a Enoki. Nthawi yonse amayankhula ndi a B., dzanja lili pa chishalo cha aNafumbi, kusisita ngati mbuzi yoti aigule.

Loweruka, 16 Juni, kunyumba ya alendo m'mphepete mwa nkhalango

Ndilembe zonse ndisanayambe kudzinamiza.

Poyamba ndivomere, poti pano palibe akumva: zimakoma. Ndinakhala chammbali, chitenje nditachikulunga bwino, dzanja limodzi m'chiuno mwa a B., lina nditatseka mphuno ndi kampango kanga koyera. Mphepo yozizira kuluma m'masaya, mapiri kubwera limodzilimodzi, minda yokololedwa ili m'munsi. Pokwera mtunda wina a B. anayamba kuimba nyimbo ya Mulungu mokuwa ngati mnyamata. Zaka makumi awiri za ukwati, mawu amenewo sindinawamvepo. Ndinaseka ndekha kumsana kwawo.

Tinkayenda monga mwa pempho langa. Njinga zinayi kutsogolo, ziwiriziwiri, ife pakati, zinayi kumbuyo, nyali zili phuliphuli, pang'onopang'ono.

Tikuyandikira msika wa pa Chiwale tinamva ng'oma. Kunali amayi a chipani, akukonzekera magule a pa 6 Julaye, onse atavala nsalu zija za nkhope ya mwini dziko. Bambo wina anali pachulu. Atationa anaika manja kumutu n'kukuwa: "Akubwera! Akubwera eni dziko!"

Abale inu! Msika wonse unaphulika. Ogulitsa kusiya tomato, ana kuthamangira kumsewu, mkulu wina kuponya njinga yake ya nkhuni m'ngalande n'kuvula chipewa. Nthungululu mpaka makutu kuwawa. Anthu a kumeneko mdipiti wa boma sanauonepo ndi maso. Anangomva kuti umabwera ndi njinga zamoto ziwiriziwiri, nyali zikuyaka dzuwa likuswa mtengo, wamkulu ali pakati. Ndiye ife tinabwera chimodzimodzi.

Amayi anayamba kuyala nsalu pamsewu. Ambiri anayala zitenje wamba, koma wina mwachangu anangomasula ya chipani imene anavala pamwamba n'kuiponya. Apatsogolo anapatuka. A B. anagwira buleki mochedwa chifukwa ankaopa kundigwetsa. Titaima, ndinayang'ana pansi. Tayala la kutsogolo linali pa nkhope penipeni.

Ndipo ine, chitsiru cha mkazi, anthu atandikwezera manja ndinakweza langa. Ndinaleredwa kuti munthu akakupatsa moni uyankhe. M'dzanjamo munali kampango koyera kaja, ndipo ndinakakupiza.

A B. anavula chisoti. Ng'oma zinaleka, kunangoti zii. Mayi amene ankatsogolera nyimbo, ndamva kuti dzina lawo ndi a Monika, anawayang'anitsitsa n'kufuula: "Aa, ndi a Phungu athu! Ndi a Benjamini!" Kaya ndi manyazi, kaya ndi chimwemwe, m'malo mosiya anaidzutsanso nyimbo ija. Pamene pamakhala dzina lija, limene aliyense amalidziwa, anaikapo la Benjamini. Amayi onse anavomera. Katatu konse.

A B. ankakweza manja kuti asiye, iwo n'kumayesa akuvina nawo. A Enoki nkhope inachita phulusa. A Yeremiya anaomba nawo m'manja koyamba. Kachiwiri anasiya, maso ali pa tayala.

Kenaka tinapitiriza ulendo mpaka kuno. Aphika nkhuku ziwiri, palibe wamaliza mbale yake.

Lasabata, 17 Juni

Tabwerera aliyense payekha, njira yozungulira. Woyendera sukulu anachoka kusanayere, osatsanzika.

A B. akuti ndikukulitsa nkhani. "Anthu akumudzi analakwitsa, basi. Ndikafotokoza. Ndani sadziwa kuti ine ndi mwana wa chipani?" Koma titafika atsuka tayala lija ndi sopo kawiri, pamene linalibe kanthu.

Lachiwiri, 19 Juni

Nkhani yafika kuno isanafike n'komwe sabata, ndipo yanenepa panjira. Kuchigayo akuti njinga zinali makumi atatu. Akuti a B. anatuma uthenga kuti sukulu zitsekedwe. Akuti anaponda nsalu ija dala, n'kubwerera m'mbuyo, n'kupondanso. Ndipo akuti mkazi wawo ankagwedeza litchowa loyera ngati lija la mwini dziko.

Litchowa! Kampango komina nako chimfine!

Ndinafuna kupita kuchigayoko ndikawaonetse, koma ndinaima pakhomo. Ukayamba kufotokoza ndiye kuti wavomera kuti pali mlandu. Kampangoko ndakaponya pamoto.

Lachitatu, 20 Juni

A Enoki adutsa pa njinga yakapalasa, yamoto aibweza ku ofesi, akuti yawonongeka. Sanalowe m'nyumba. Aima kuseri kwa nkhokwe n'kunong'ona kuti a Yeremiya anakwera basi ya ku Lilongwe Lolemba m'mawa, atanyamula kaphukusi. Akuti asanakwere basiyo, a Yeremiyawo anapita pa Chiwale kukatenga nsalu ija, chidindo cha tayala chili pomwepo.

Ndawauza a B. Iwo ati: "Yeremiya ndinamuphunzitsa ndine kulemba lipoti."

Lachinayi, 21 Juni

Kalata yabwera m'mawa. Akufuna a B. ku ofesi ya chipani ku Lilongwe lero lomwe, ndipo m'munsi alembamo ndi inki kuti abwere ndi njinga.

Ndawagwadira, chinthu chimene sindichitachita. Ndati thawirani kwa amalume anu ku Chisepo, kaya kuwoloka malire, anthu ena anatero. Andidzutsa. "Ndikathawa ndiye kuti ndalakwa. Nanga inu ndi Tereza mutsala ndi yani?" Ndati ndiye ndipite nanu, ndikanene kuti kukhala pakati kuja ndinapempha ndine, kuyenda pang'onopang'ono ndine, kampango ndine. Apa ndiye akalipa. "Mawu amenewo asatulukenso pakamwa panu. Mwamva? Inu munali katundu chabe pakaliyala."

Avala suti yakuda ndi baji ya chipani. Jekete lawo lachikopa, lija la ubweya m'kati, ndawapatsa koma akana, ati akaoneka ngati wamasewera. Alisiya pa msomali.

ANafumbi anavuta kulira. Ndinagwirira kumanzere ngati masiku onse, tikuwerenga limodzi mpaka khumi. Ndinalakalaka atakaniratu. Koma analira.

"Dzuwa likamalowa mumva hutala katatu pa mlatho, monga mwa nthawi zonse. Muike madzi osamba pamoto."

Madzi ndinaika. Aphwa, ndathiramo ena.

Lachisanu, 22 Juni

Sanabwere.

Loweruka, 23 Juni

Wailesi, nkhani za masana. Ndinali ndikusankha nyemba. Anawerenga dzina lawo lonse, Benjamini Aroni Chimtengo, kuti wachotsedwa m'chipani chifukwa chophwanya mwambo, ndipo si phungunso. Ziganizo ziwiri zokha, kenaka anapita ku mitengo ya fodya. Osanena kumene ali.

Lichero linagwa, nkhuku zinadya nyembazo ndikuziona. Mutu ukakula sulewa nkhonya, amatero, koma mutu wa a B. unakula liti? Munthu wongokonda mphepo kumaso!

Lasabata, 24 Juni

Kutchalitchi benchi yathu inali yanga ndekha. Amayi a Mvano amene ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu anapanikizana kumbuyo ngati m'basi. Abusa anapempherera odwala, apaulendo, ndi atsogoleri athu. Ndinadikira kuti mwina atchula a m'ndende, ngakhale osanena dzina. Sanatchule.

Sindikuwada. Ndikanakhala iwo mwina ndikanachita zomwezo, ndipo chimenechi ndicho chikundiwawa kwambiri.

Kabuku kano ndayamba kukabisa m'chigafa, pansi pa mapesi.

Lachiwiri, 26 Juni

Ndapita kupolisi paboma. Akuti alibe munthu wotero. Ndapita ku ofesi ya chipani, mlembi wandiyankha ali chilili kuti nkhani za ku Lilongwe zimayankhidwa ku Lilongwe. Ku Lilongwe, dzulo, mlonda sanandilole ngakhale kudutsa geti. Ndinasuzumira kuti mwina ndiona aNafumbi pabwalo. Palibe.

Ndingodziwa kuti ali moyo. Zina zonse ndipirira. Anthu amanena za ngozi za galimoto zimene sizikhala ngozi, za mitsinje. Ndikatseka maso ndikuona zimenezo.

Tereza ndamulembera kusukulu kuti abambo ake ali paulendo. Wailesi ali nayo kumeneko, adziwa kuti ndikunama.

Lachinayi, 28 Juni

Mlendo woyamba chichokereni a B., ndipo ndi munthu amene sindinamuyembekeze. A Monika a pa Chiwale, oyambitsa nyimbo aja. Ayenda wapansi masiku awiri, mapazi ali ming'alu yokhayokha, nkhuku kukhwapa. Anangofika n'kudzigwetsa pakhomo.

Ndinali nditakonza mawu oti ndidzawalase nawo tikadzakumana. Masiku onsewa ndakhala ndikuwatukwana mumtima. Koma kuwaona, ndi mayi wamng'ono thupi, wa imvi, akulira ngati pamaliro.

"Mayi, ine ndimati ndiwasangalatse. Anatimangitsira mlatho a Phunguwo, ana athu ankakokoloka pamenepo. Nanga titayala kale nsalu, tikanangoti pepani tinkayesa ndinu ena? Si chipongwe chimenecho kwa mlendo?"

Nanenso ndikanaganiza choncho. Akuti achipani anawaitana, anawafunsa tsiku lonse kuti anakulipirani zingati. Iwo anakana. Anawauza kuti asadzayambitsenso nyimbo moyo wawo wonse.

Ndinawauza za ine, kuti pakati paja ndinapempha ndine. Ndi munthu woyamba kumuuza. Anandigwira dzanja, tinalira tonse awiri pamkeka wa mafuta uja. Nkhukuyo ndawabwezera, ndawapatsa ya basi.

Lolemba, 2 Julaye

Kuzizira kwa chaka chino! M'mawa udzu unali woyera. Jekete lili pa msomali pomwe analisiya. Anapita ndi suti yopyapyala.

Lachisanu, 6 Julaye

Achipani anabwera dzulo kudzanena kuti mayi aliyense akavine paboma, ndipo ine makamaka ndisasowe. Ndavala nsalu ya nkhope, ndavina. Miyendo imavina yokha. A Yeremiya anali pa nsanja, pa mpando umene ankakhala a B. Akuti dzina lawo latumizidwa kale kuti alowe uphungu.

Nyimbo ija anaiimbanso, ndi dzina lake loyenera. Pakamwa panga pankatseguka koma mawu sankatuluka.

Lolemba, 9 Julaye

Ndinali kuseri ndikuanika ufa, cha m'ma 3 koloko masana. Ndinamva kulira kwa njinga kumunsi kumlatho. Njinga zamoto zimadutsa zambiri, koma aNafumbi ndimawadziwa ngati chifuwa cha mwana wanga. Pokwera mtunda wathu amatsokomola kawiri.

Anatsokomola kawiri.

Ndinathamanga wopanda nsapato, ufa uli m'manja, ndikukuwa dzina lawo lenileni, Benjamini, limene sindinaliitanepo pagulu. Sindinaganize n'komwe kuti hutala sanalire. Anansi anatuluka m'makomo.

Anali a Yeremiya. Chisoti cha a B. kumutu, chikuwakhwepa. Pa thanki apakapo penti yakuda, koma zilembo zikuonekabe pansi pake.

Ndinaima pakati pa bwalo. Kenaka ndinagwada, poti ndi apampando, ndipo anthu ankaona. Anati katundu wa munthu woukira ndi wa chipani tsopano, abwera kudzatenga mapepala a njinga ndi bokosi la masipanala. Ndinawapatsa. Ndinawapatsanso madzi akumwa. Anakhalitsa, akuwerenga mapepala aja mobwerezabwereza, mpaka mphepo ya madzulo inayamba.

Pochoka anaponda. Zii. Anapondanso. Anaponda mpaka thukuta, chisoti chikugwera m'maso. ANafumbi anali atazizidwa. Ana a anansi anayamba kuseka, amayi awo n'kuwakokera m'nyumba, koma iwo eni anatsala pa mpanda. Munthu woti mawa akhala phungu, kukankha njinga mtunda wonse uja anthu akuona!

Anandiyandikira, mawu atatsitsa. "Mayi, amatani kuti ilire? Ku Lilongwe anachita kundikankha anyamata."

Ndinati: "Ndikudziwa, bambo. Koma mundiuze kaye kumene ali."

"Mukudziwa kuti mukuyankhula ndi yani?"

"Ndikudziwa. Ali moyo?"

Anayang'ana kumpanda, anthu aja ali pomwepo. Anawerama ngati akuona injini. "Ali moyo. Ali kumsasa uja wa waya, kuseri kwa phiri. Ine sindinanene kanthu."

Konkuno! Masabata onsewa ndikuwafuna ku Lilongwe, iwo ali m'boma lathu lomwe lino, pamtetete paja pamene mphepo imadula ngati lumo. Ndinagwira chishalo. Ndinafunsa kuti atuluka liti. Anati kumeneko sawerenga masiku. Kenaka, osandiyang'ana: "Msewu wa ku Lilongwe umadutsa m'mbali mwa waya. Lero ndikudutsa, mmodzi mwa amene amaphwanya miyala anaimirira n'kusiya hamala. Anayang'ana mpaka ndinakhota."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga jekete pa msomali. Ndinalipinda, ndinalimanga pakaliyala ndi chingwe cha mphira, mfundo zitatu, iwo akuona. Sanati inde. Sanalimasulenso.

Ndinatseka kampopi. Ndinati pondani kawiri. Ndinatsegula. Ndinamupendeketsa mkazi mnzanga kumanzere, tsaya langa lili pa thanki, ndikuwerenga mpaka khumi ndekha. Analira.

"Mukamadutsa pa waya paja," ndinatero, "mulize hutala katatu."

Anatsika mtunda akugwedera, jekete lili kumbuyo. Ndinaima pamsewu, ufa udakali m'manja, ndikumvetsera mpaka anafika pa mlatho.